Kumanga Holo ya M'mudzi: Kuyerekeza Njira Zisanu Musanagule Thumba Loyamba la Simenti

Mudzi ukagwirizana zomanga holo, mkangano woyamba umakhala wa khoma. Ena amafuna njerwa zootcha chifukwa ndi zomwe anazizolowera, ena amafuna mabuloko a simenti chifukwa amaoneka achitukuko, pomwe ena amangoti timange ndi chomwe tingakwanitse. Nkhaniyi ndalembera makomiti, atsogoleri a midzi ndi mabungwe amene afika pamphambano imeneyi. Holo yomwe ndikunena ndi nyumba imodzi yogwira ntchito zambiri: m'mawa muli ana a mkombaphala, masana muli sikelo ya ana kapena msonkhano wa alimi, madzulo akuluakulu akuphunzira kuwerenga, ndipo madzi akasefukira mabanja amathawiramo. Maganizo anga ndi akuti holo yotsika mtengo ndi yomwe mudzi ungathe kuikonza wokha amene anapereka ndalama atapita, ndipo njira iliyonse ndiiyeza ndi muyeso umenewu.

Zoyenera kuyang'ana

Choyamba ndi ndalama, koma ziwerengedwe pawiri: zomangira ndi za zaka khumi zotsatira. Ntchito ya manja yomwe anthu amapereka iwerengedwenso, chifukwa siyaulere. Munthu amene akuponda dothi la holo wasiya munda wake, ndipo ntchito ikagwera nyengo yolima imaima. Chachiwiri ndi kupezeka kwa zipangizo ndi amisiri, makamaka kumene msewu umaduka nthawi ya dzinja. Chachitatu ndi kusamalira: ndani adzakonze, kangati, ndi chiyani. Chachinayi ndi zoopsa, monga chinyezi, chiswe, mphepo yamkuntho, chivomerezi ndi moto.

Musanasankhe khoma, gwirizanani za kukula kwa nyumbayo. Munthu wokhala pampando amafunika malo pafupifupi sikweya mita imodzi, kuphatikizapo modutsa, choncho holo ya anthu 100 imafuna masikweya mita pafupifupi 100. M'lifupi mwa nyumba ndi momwe ndalama zimathera mwakachetechete. Ikapitirira mamita 6 kapena 7 m'lifupi, mitengo yadenga imafunika yaikulu ndi yolumikizidwa mwaluso, pomwe kutalikitsa nyumba m'litali kumangofuna kubwereza zomwe mwachita kale. Holo yaitali ndi yopapatiza, yokhala ndi khonde lalikulu, imatsika mtengo kuposa yotakasuka ya malo ofanana, ndipo mpweya umadutsamo bwino.

Pali zinthu ziwiri zomwe sizisintha, kaya musankhe njira iti. Maziko akhale a miyala kapena njerwa zolimba, akwere masentimita osachepera 30 pamwamba pa nthaka, ndipo pakati pa maziko ndi khoma pakhale pepala la pulasitiki loletsa chinyezi kukwera. Denga lituluke kunja kwa khoma masentimita 60 mpaka mita imodzi. Pitani mukaone nyumba iliyonse yakale yadothi: pamwamba khoma limakhala losalala, koma m'munsi, pamene madzi ochokera padenga amagwa n'kuthovukira, limakhala litadyeka ngati lakumbidwa ndi khasu. Khoma limayamba kufa kuchokera pamenepo.

Njira yoyamba: zidina kapena mdindo

Ndalama. Palibe njira ina yofuna ndalama zochepa kuposa iyi. Dothi limakumbidwa pamalopo, chikombole chimakhomedwa ndi kalipentala wa m'mudzi, ndipo zogula zimakhala za maziko, denga, zitseko ndi mazenera basi. Chomwe imadya ndi mphamvu za anthu, madzi ndi nthawi, pakuti zidina zimafuna milungu iwiri kapena kuposerapo kuti ziume bwino, ndipo ntchitoyi imatheka m'chilimwe mokha.

Kupezeka. Dothi lili paliponse, koma si lililonse lomangira. Lapamwamba, lomwe lili ndi mizu ndi zoolerana, lichotsedwe. Makande amatupa akanyowa n'kung'ambika akauma, ndipo dothi lamchenga wambiri limayoyoka. Pali njira yapafupi yoliyesera. Thirani dothi m'botolo loonekera mkati mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani kwambiri, ndipo mulisiye tsiku lathunthu. Mchenga umakhala pansi msanga, dothi losalala limatsatira, ndipo lomata limadikha pomaliza pamwamba. Dothi labwino limakhala ndi mchenga wochuluka ndi lomata lokwanira kugwirizanitsa. Kenako umbani zidina khumi, ziumike pamthunzi, ndipo muponye chimodzi pansi kuchokera m'chiuno. Chikanyenyeka, dothilo lisinthidwe. Chikang'ambika pouma, onjezani mchenga kapena udzu woduladula.

Kusamalira. Apa ndiye pagona nkhani. Khoma ladothi limafuna kumatidwa chaka ndi chaka mvula isanayambe, ndipo ntchitoyi aliyense angaigwire popanda kugula kanthu. Mzikiti waukulu wa ku Djenné, m'dziko la Mali, womwe unamangidwa mmene ukuonekera lero mu 1907, ulipobe chifukwa anthu a mumzindawo amaumata pamodzi chaka chilichonse. Funso loti komiti idzifunse moona mtima ndi lakuti kodi anthu adzabweradi kudzamata nyumba yomwe si ya munthu mmodzi. Ndichenjezenso za pulasitala wa simenti pakhoma ladothi. Amaoneka bwino chaka choyamba, koma sagwirana ndi dothi, ndipo madzi akalowa pamng'alu amatsekeredwa mkati, khoma n'kumafewa osaoneka mpaka tsiku lomwe chigamba chonse chidzagwe. Dothi losakaniza mchenga kapena laimu ndi lomwe limalola khoma kupuma.

Zoopsa. Madzi osefukira akaima m'munsi mwa khoma kwa masiku ochepa, nyumba imakhala pansi. Chiswe chimadutsa m'khoma kupita kumitengo yadenga. Choopsa chachikulu ndi chivomerezi: mu 2003, mumzinda wa Bam ku Iran, anthu oposa 26,000 anafa, ndipo nyumba zambiri zomwe zinagwa zinali zadothi zopanda cholimbitsa. Holo imasonkhanitsa anthu ambiri nthawi imodzi, choncho kumalo kogwedezeka njirayi isagwiritsidwe ntchito popanda bimu yomanga makoma onse pamwamba ndi malangizo a injiniya. Ubwino wake womwe sutsutsika ndi wakuti khoma lochindikala limachedwetsa kutentha, moti masana mkati mumazizira.

Njira yachiwiri: njerwa zootcha

Ndalama. Zimaoneka zotsika mtengo mudzi ukaumba wokha, koma zobisika ndi zambiri. Pamafunika nkhuni za uvuni, njerwa zina zimasweka kapena kutuluka zosapsa, ndipo popeza njerwa zoumba pamanja sizifanana kukula, mmisiri amathira matope ochindikala kuti mzere uwongoke, kenako pulasitala wochindikalanso kuti khoma lisalale. Simenti yomwe munkaganiza kuti mwaipewa imathera pamenepo.

Kupezeka. Mmisiri aliyense amadziwa kumanga ndi njerwa zootcha, ndipo uwu ndi mwayi weniweni. Vuto ndi nkhuni, chifukwa uvuni umafuna zipika zikuluzikulu zoyaka masiku angapo usana ndi usiku.

Kusamalira. N'kochepa: kutseka ming'alu ndi kupaka laimu kapena penti pakapita zaka.

Zoopsa. Njerwa za m'mphepete mwa uvuni sizipsa mokwanira ndipo zimafumbutuka zikanyowa, choncho zisankhidwe. Yopsa bwino imalira ngati chitsulo mukaigogoda ndi inzake. Koma choopsa chomwe chimandikhudza kwambiri chili kunja kwa nyumbayo. Mitengo yomwe yadulidwa kuti holo imangidwe ndi yomwe inkagwira nthaka ndi kutchinga mphepo, ndipo maenje okumbamo dothi amasanduka zithaphwi zoswera udzudzu ndi misampha ya ana. N'zovuta kunena kuti holo ndi yosamala chilengedwe pamene nkhalango ya mudzi yathera mu uvuni wake. Maiko ena amaletsa kale njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za mabungwe, choncho funsani malamulo a kwanu musanayatse moto.

Njira yachitatu: njerwa zadothi zosakaniza simenti, zopanikizidwa ndi makina

Njirayi ndiifotokoza motalikirapo chifukwa ndi yomwe imatamandidwa kwambiri, komanso ndi yomwe imalephereka kwambiri ikachitidwa mwachidule. Dothi losefa limasakanizidwa ndi simenti pang'ono, kawirikawiri magawo 5 mpaka 8 pa 100 alionse, limanyowetsedwa pang'ono chabe, kenako limapanikizidwa m'makina amanja okhala ndi mpini wautali. Makina oyamba otchuka amtunduwu, otchedwa CINVA-Ram, anapangidwa ndi injiniya Raúl Ramírez ku Bogotá, m'dziko la Colombia, m'zaka za m'ma 1950, ndipo ambiri omwe alipo lero amatsata kapangidwe kake. Sukulu yapulaimale ya ku Gando, ku Burkina Faso, yomwe katswiri wojambula mapulani a nyumba Francis Kéré anamanga pamodzi ndi anthu a m'mudzi wakwawo n'kuimaliza mu 2001, ndi ya njerwa zadothi zamtunduwu. Inalandira mphoto ya zomangamanga ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 Kéré anakhala munthu woyamba wa ku Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yoperekedwa kwa akatswiri ojambula mapulani a nyumba.

Ndalama. Zimaposa za zidina chifukwa pali simenti ndi makina ogula kapena obwereka, koma njerwazo zimatuluka zofanana ndi zosalala, moti matope omangira amachepa ndipo khoma likhoza kusiyidwa lopanda pulasitala. Kwa holo imodzi yokha, kugula makina sikupindulitsa. Kumapindulitsa midzi ingapo ikagwirizana, kapena ngati gulu la achinyamata lidzapitiriza kuumba njerwa zogulitsa holo ikatha.

Kupezeka. Dothi lofiira lokhala ndi mchenga wokwanira limachita bwino ndi simenti, pomwe lomata kwambiri limagwirizana bwino ndi laimu. Chomwe chimasowa ndi munthu wodziwa ntchito. Pafunika mmodzi woti aime pamulu wosakanizira tsiku lililonse, akuyeza ndi ndowa imodzimodziyo, chifukwa anthu akatopa muyeso umayamba kusintha. Chinyezi choyenera amachidziwa ndi dzanja: ukafumbata dothilo ligwirane osanyowetsa chikhatho, ndipo ukaliponya pansi limwazike m'tizidutswa tingapo.

Kusamalira. N'kochepa ngati denga latuluka mokwanira. Ngodya ndi zomwe zimagumuka msanga zikamagundidwa ndi mabenchi kapena njinga, ndipo mbali yomwe mvula imawomba ikhoza kufuna pulasitala wopyapyala. Ndibwino kusunga njerwa zina zotsala, chifukwa makina akabwezedwa simudzapezanso zofanana nazo.

Zoopsa. Pafupifupi zonse zimachokera ku changu. Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa, choncho njerwa zifunditsidwe ndi pulasitiki ndi kuwazidwa madzi kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo zimangidwe patatha masiku 28. Ndinaonapo mulu wa njerwa zotere utayanikidwa padzuwa tsiku lomwe zinaumbidwa, ngati zidina. Zinkaoneka zokongola, koma ukakanda ngodya ndi chikhadabo zinkayoyoka, ndipo matumba onse a simenti omwe anathiridwamo anangopita pachabe. Choopsa china ndi kuchepetsa simenti mwakabisira ndalama zikayamba kutha. Njerwa zolowana zomwe ena amati sizifuna matope zimafunabe bimu pamwamba ndi zolimbitsa m'ngodya.

Njira yachinayi: mabuloko a simenti

Ndalama. Iyi ndi njira yofuna ndalama zambiri, ndipo pafupifupi zonse zimatuluka m'mudzi kupita kwa ogulitsa simenti ndi eni magalimoto. Mudzi ukakhala kutali ndi msewu wabwino, mtengo wonyamulira ukhoza kupikisana ndi wa katunduyo.

Kupezeka. Kumadalira msewu ndi mchenga woyera wakumtsinje. Ntchito imayenda msanga chifukwa buloko limodzi limatenga malo a njerwa zingapo.

Kusamalira. N'kochepa kwambiri, koma chikaonongeka chimafuna ndalama ndi mmisiri.

Zoopsa. Oumba ena amatulutsa mabuloko ochuluka kwambiri pathumba limodzi la makilogalamu 50, ndipo wogula sangadziwe ndi maso; yesani kuponya limodzi pansi musanalipire. Khoma lake n'lopyapyala, moti pansi pa malata opanda siling'i holo imatentha mpaka anthu kukachitira msonkhano pansi pa mtengo. Kupanga simenti kumatulutsanso pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni womwe anthu amatulutsa padziko lonse. Komabe tinene chilungamo: kumalo kumene madzi amasefukira, khoma la mabuloko abwino lokhala ndi zitsulo limapirira kumene ladothi silingapirire.

Njira yachisanu: kuyamba ndi denga pazipilala, makoma pambuyo

Makomiti ambiri saiganizira njirayi chifukwa imaoneka ngati nyumba yosatha. Mumaimika zipilala zachitsulo, zakonkire kapena zamitengo yothiridwa mankhwala, mumafolera, mumakonza pansi, ndipo mumamanga chipinda chimodzi chokhoma chosungiramo katundu. Mbali zina zimatchingidwa ndi khoma lofika m'chiuno, nsungwi zoluka kapena mphasa, mpaka mudzi utapeza mphamvu zomanga makoma.

Ndalama. Zoyambira n'zochepa kuposa za nyumba yathunthu, ndipo zimapita ku chinthu chomwe mudzi sungapange wokha. Holo imayamba kugwira ntchito pakatha milungu yochepa, ndipo zidina kapena njerwa za makoma zimaumbidwa pansi pa denga lomwelo, mvula osaziononga.

Kupezeka. Zitsulo zimafuna wowotcherera, ndipo zikhoza kulumikizidwa kutauni n'kubwera pa ulendo umodzi. Kumene nsungwi zimamera bwino, zikhoza kugwira ntchito yaikulu. Sukulu ya METI ku Rudrapur, m'dziko la Bangladesh, yomwe Anna Heringer ndi Eike Roswag anakonza mapulani ake, ili ndi makoma adothi pansi ndi chipinda chapamwamba cha nsungwi, ndipo inalandira mphoto ya Aga Khan mu 2007. Nsungwi zidulidwe zokhwima, za zaka zitatu kapena kuposerapo, ndipo ziviikidwe m'mankhwala a borax.

Kusamalira. Zitsulo zimafuna penti yoletsa dzimbiri, makamaka m'munsi. Mitengo ndi nsungwi zisakhudze nthaka, zikhale pa konkire kapena pamwala, ndipo ziyenderedwe kawirikawiri kuona ngati chiswe chayamba njira zake.

Zoopsa. Mphepo ndiye mdani wamkulu, chifukwa ikalowa pansi pa denga lotseguka imalinyamula. Kulemera kwa denga sikokwanira kuligwira. Malata amangiriridwe kumapaso, mapaso kuzipilala, zipilala kumaziko, ndi mabawuti kapena zitsulo zopinda, osati misomali yokha. Nsungwi zosathiridwa mankhwala zimafumbwa pakangotha zaka zochepa. Palinso choopsa cha anthu: denga likangotha, chidwi chimazilala, ndipo makoma akhoza kudikira zaka zambiri.

Za denga, madzi ndi magetsi

Udzu umazizira ndipo mvula siisokosa, koma umafuna denga lotsetsereka madigiri osachepera 45, umagwira moto, ndipo umafuna kufoleredwanso. Malata amakhalitsa koma amatentha, ndipo mvula yamphamvu ikagwa mphunzitsi samveka. Ku Gando, Kéré anakweza malata pamwamba pa siling'i yadothi n'kusiya mpata woti mphepo idutse pakati, ndipo nzeru imeneyi ingatsatidwe ngakhale ndi siling'i ya nsungwi kapena mphasa. Malata opyapyala kwambiri asagulidwe, chifukwa amang'ambika pamisomali ndi kuchita dzimbiri msanga.

Denga lamalata limakololanso madzi. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, choncho denga la masikweya mita 150 kudera lolandira mamilimita 800 pachaka limagwerwa malita 120,000, ngakhale kuti ena amatayika. Thanki imathandiza zimbudzi ndi posamba m'manja, ndipo ngalande zadenga zimachotsa madzi omwe akanadya m'munsi mwa khoma. Pa magetsi a dzuwa, kumbukirani kuti mapanelo amatha zaka 20 kapena kuposerapo, pomwe mabatire wamba amafa pakatha zaka zitatu mpaka zisanu. Ngati palibe thumba la ndalama zogulira batire lina, magetsiwo ndi a kanthawi. Pakhomo pakhalenso njira yotsetsereka pang'onopang'ono, yokwera mita imodzi pa mamita 12 alionse, kuti wa njinga ya olumala ndi okalamba alowe okha.

Njira iti, kwa yani

Mudzi womwe uli kutali ndi msewu, kudera louma, wokhala ndi dothi labwino ndi anthu ozolowera kugwirira ntchito pamodzi, umange ndi zidina kapena mdindo, ndipo ndalama zochepa zomwe zilipo zipite ku maziko amiyala, bimu ndi denga lotuluka bwino. Tsiku lomata likhazikitsidwe nyumbayo isanatsegulidwe.

Kumene kuli bungwe lothandiza, mmisiri wodziwa kuyeza dothi ndi nthawi yokwanira kudikira masiku 28, njerwa zopanikizidwa ndi makina ndi zomwe ndingasankhe, makamaka ngati pali nyumba zina zodzamanga pambuyo pake. Ngati woyang'anira wodalirika palibe, zisiyeni, pakuti zidina zoumbidwa bwino zimaposa njerwa zamakina zoumbidwa mwachinyengo.

Kuchigwa kosefukira madzi, kapena kumene holo idzakhale pothawirapo pa ngozi, sankhani malo okwera, kwezani maziko, ndipo mumange ndi mabuloko a simenti kapena njerwa zopsa bwino zokhala ndi zitsulo, ngakhale zitatanthauza kuchepetsa kukula kwa nyumbayo. Kudera la zivomerezi, denga likhale lopepuka, makoma akhale aafupi ndi omangidwa pamodzi, ndipo mapulani aonedwe ndi injiniya.

Njerwa zootcha zikhale za kumene kuli oumba ogwiritsa ntchito uvuni wosawononga nkhuni kapena wotenthetsa ndi zotsalira za mbewu monga mankhusu a mpunga, kapena zigwiritsidwe ntchito pamaziko ndi mizere yoyamba yokha, pamwamba n'kupitiriza ndi dothi. Kusakaniza kotere n'kololedwa, ndipo nthawi zambiri n'komwe kumapereka nyumba yabwino pa ndalama zochepa.

Kumene ndalama zimabwera pang'onopang'ono, kapena kudera lotentha ndi lachinyezi komwe mphepo ndi yofunika kuposa khoma, yambani ndi denga pazipilala ndi chipinda chimodzi chokhoma. Njirayi ndiyoyeneranso pamene anthu sanagwirizane bwinobwino za ntchito ya holoyo. Katswiri wojambula mapulani a nyumba Hassan Fathy anamanga mudzi wa New Gourna pafupi ndi Luxor ku Egypt m'zaka za m'ma 1940, ndi zidina zokongola zomwe akatswiri amaziphunzirabe, koma anthu ambiri omwe anawamangira sanafune kusamukirako ndipo ntchitoyo sinathe. Chaka chimodzi pansi pa denga lotseguka chimaonetsa komwe ana amakonda kukhala, mbali yomwe mvula imalowera ndi kuchuluka kwenikweni kwa anthu obwera, ndipo makoma amadzamangidwa pamalo omwe eni ake asonyeza.